AGOGO NDI MPINGO WAO: MBIRI YOYAMBIRA PA MAGWERO

M'phunziro lathu la mbiri yakale lero tikhala kuno kum'mawa kwa dziko lathu la Zambia, m'dera la Chipata ndi midzi yozungulira. Ambiri a inu munamvapo agogo anu, pochokera ku mapemphero tsiku la Sabata, akudandaula kuti chalichi cha masiku ano sichilinso monga chinalili kale. Mwina inu munangoseka, n'kumati ndi ukalamba ukuwalankhulitsa. Koma kudandaula kumeneko kuli ndi mbiri yake, ndipo mwana amene adziwa mbiriyo adzamvetsa chimene agogo ake akutanthauza.

Titenga mpingo umodzi kuti ukhale chitsanzo chathu, ndiwo Eklesia wa Chikonzedwe m'Zambia, umene pa Chingerezi umatchedwa Reformed Church in Zambia, ndipo akuluakulu ambiri amautchulabe kuti Dachi. Sitinausankhe chifukwa chakuti uposa mipingo ina ayi. Tausankha popeza unabadwira pakati pathu pompano. Inu a mipingo ina ndi a zipembedzo zina tsatirani bwino nkhaniyi, pakuti zambiri zimene muzimve pano zikuchitikanso kwanuko.

Chiyambi chake

M'mwezi wa January chaka cha 1898 kunabuka nkhondo pakati pa Angoni a Mpezeni ndi asilikali a Angerezi. Angoni anagonja, Nsingo mwana wa Mpezeni amene anatsogolera nkhondoyo anaphedwa, ndipo ng'ombe zambirimbiri zinalandidwa. Inali nthawi ya chisoni ndi mantha. Azungu anamanga boma lao pamalo amene anawatcha Fort Jameson, pamene lero tikuti Chipata.

Nthawi imeneyo n'kuti amishoni a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku Cape, m'dziko la South Africa, atakhazikika kale kutsidya kwa malire ku Nyasaland, kumene anatsegula misoni ya Mvera mu 1889. Iwo atamva kuti Mpezeni walola kuti aphunzitsi a Mau a Mulungu alowe m'dziko lake, anapereka uthengawo kwa abale ao a ku Orange Free State. Motero pa 5 July 1899 abusa awiri, P.J. Smit ndi J.M. Hofmeyr, anafika pa Magwero, kufupi ndi malire a dziko la Malawi, nayamba ntchito pomwepo. Dzina la malowo linayenera ndithu, pakuti gwero ndi pamene mtsinje umayambira.

Kuchokera pa Magwero ntchito inafalikira msanga. Misoni ya Madzimoyo inatsegulidwa mu 1903, ya Nyanje pakati pa Ansenga mu 1905, ya Nsadzu mu 1908, ndipo pambuyo pake panabwera zina monga Tamanda, Kamoto ndi Katete. Pa Magwero pomwepo Mai Issie Hofmeyr anayamba kuphunzitsa akhungu mu 1905, ndipo imeneyi ndiyo inali sukulu yoyamba ya akhungu m'dziko lino. Mai Ella Botes anapitiriza ntchitoyo, natsegulanso sukulu ya ogontha mu 1955. Ku Nyanje ndi ku Kamoto kunamangidwa zipatala.

Koma musaganize kuti azungu okha ndiwo anagwira ntchito yonseyi. Iwo anali owerengeka chabe. Amene anayenda pansi mudzi ndi mudzi, kuphunzitsa ana kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera, ndi kulalikira tsiku la Sabata, anali aphunzitsi ndi alaliki achikuda. Mmodzi wa iwo, Justo Mwale, anadzozedwa ubusa mu 1929, ndipo anakhala mbusa woyamba wachikuda mumpingowu. Werengerani nokha: panapita zaka 30 kuchokera pamene misoni inayamba kufikira pamene mwana wa kuno analoledwa kubatiza ndi kugawa Mgonero wa Ambuye.

Mpingo umene agogo anakuliramo

Tsono tiyeni tiyerekeze mkulu wa mpingo amene anabadwa cha m'ma 1940 m'mudzi wina kufupi ndi Madzimoyo. Sitiwatchula dzina, pakuti akulu otere alipo ambiri m'midzi mwathu, ndipo kapena mmodzi wa iwo ndi agogo anu enieni. Kodi agogowa anaphunzira chikhristu chotani ali mwana?

Choyamba, kulowa mumpingo sikunali kwa tsiku limodzi. Munthu ankayamba walowa kalasi, n'kuphunziramo nthawi yaitali. Ankaloweza mafunso ndi mayankho a m'buku la Katekisma, kenaka n'kuima pamaso pa abusa ndi akulu a mpingo kuti amuyese. Akulu ankayang'ananso makhalidwe ake m'mudzi. Wolephera ankabwerera m'kalasi.

Chiphunzitso chimene ankalowezacho chinachokera kutali. Mpingowu umatsamira pa zolembedwa zitatu zakale za ku Ulaya: Chivomerezo cha Belgic cha mu 1561, Katekisma wa Heidelberg wa mu 1563, ndi mfundo zimene anamanga pa msonkhano wa ku Dort, m'dziko la Holland, umene unatha mu 1619. Katekisma wa Heidelberg ali ndi mafunso 129, ogawidwa mwakuti munthu angathe kuwamaliza pa Masabata 52 a chaka chimodzi. Phunziro lake lili pa nsanamira zitatu: munthu adziwe kukula kwa tchimo lake, adziwe m'mene Mulungu amamupulumutsira, ndiponso adziwe kuyamika chifukwa cha chipulumutsocho. Motero agogowa anakula akukhulupirira kuti Mulungu ndiye wolamulira zonse, zokoma ndi zowawa zomwe. Kuti munthu apulumuka mwa chisomo, osati chifukwa cha ntchito zake kapena ndalama zake. Ndi kuti mau a munthu aliyense, ngakhale mbusa, ayenera kuyesedwa ndi Malembo.

Chachiwiri, mapemphero anali achete ndi adongosolo. Amuna ankakhala mbali yao, akazi mbali yao. Ankaimba nyimbo za m'buku popanda ng'oma kapena kuvina. Munthu mmodzi akamapemphera ena onse ankakhala phee, mitu ili yoweramitsa. Chachikulu pa zonse unali ulaliki. Baibulo lao linali Buku Lopatulika, limene kumasulira kwake kunatsogoleredwa ndi W.H. Murray ku Nyasaland, ndipo linatsirizidwa mu 1922. Ambiri a msinkhu wao anaphunzirira kuwerenga pa buku limeneli.

Chachitatu, mwambo unali woumirira. Mkhristu sankaloledwa kufulula kapena kumwa mowa, kukwatira mitala, kupita kwa woombeza ula, kapena kulowa gule wa Nyau. Wolakwa ankaitanidwa ku bwalo la akulu, ndipo akapezeka ndi mlandu ankaimitsidwa kudya Mgonero kufikira atalapa. M'malo mwa chinamwali cha m'mudzi, mpingo unaika alangizi ake. Malamulo amenewa anagawa mabanja ena pakati, chifukwa mwana wa kalasi nthawi zina ankakana mwambo wa amalume ake enieni. Agogowa akamati chikhristu cha kale chinali chovuta, akukumbukira mtengo umene iwo ndi makolo ao analipira.

Pamene agogo anali achinyamata ofuna kusintha

Apa pali mfundo imene ana ambiri saidziwa. Akuluakulu amene lero akudandaula za kusintha, iwonso pa unyamata wao anali m'gulu la ofuna kusintha zinthu.

Mpingowu unakhala ndi Sinodi yakeyake mu 1943, koma mphamvu zenizeni ndi chuma zinali m'manja mwa amishoni. Abale ao a ku Nkhoma, ku Nyasaland, anali atalowa kale m'chigwirizano cha mpingo wa CCAP mu 1926, koma a kuno sanalowe nao. N'chifukwa chake mukapita kwa achibale anu ku Mchinji mudzapeza nyimbo ndi mapempheredwe ofanana ndi a kuno, koma dzina la mpingo lili lina.

Mu 1948 ku South Africa kunalowa boma la tsankho losiyanitsa anthu potsata khungu, ndipo mpingo wa azungu umene unkatumiza amishoni kuno unagwirizana nalo bomalo. Mu 1953 kunabwera chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene anthu akuda anachikana kotheratu. Taganizani m'mene zinalili kwa mnyamata wa Dachi amene anapita kukagwira ntchito ku migodi kapena ku Lusaka m'masiku amenewo. Anzake ankamufunsa chifukwa chimene ankapempherera mumpingo wa Mabunu. Iye ankakonda chikhulupiriro chimene anaphunzira, koma dzina ndi ulamuliro wa mpingowo zinkamulemera.

Motero mu 1957 dzina linasinthidwa kukhala African Reformed Church. Dziko litalandira ufulu pa 24 October 1964, akhristu anafunsa kuti, ngati Azambia angathe kuyendetsa boma, angalephere bwanji kuyendetsa mpingo wao? Mu 1966, pa msonkhano wa ku Katete, udindo woyendetsa mpingo ndi ntchito za misoni unaperekedwa kwa eni dziko. Chochitika chimenechi chimakumbukiridwa ndi liu limodzi lakuti Umwini. Mu 1968 mpingo unatenga dzina limene uli nalo mpaka lero. Sukulu ya ubusa imene inayamba pa Madzimoyo mu 1951 inasamukira ku Lusaka, ndipo inapatsidwa dzina la Justo Mwale. Lero ndi yunivesite.

Umwini sunali chikondwerero chokha. Mwini nyumba ndiye amafolera denga likadontha. Akhristu a m'midzi anayenera kuphunzira kusamala abusa ao, kukonza machalichi ndi kusonkha zopereka kuchokera pa chimanga ndi mtedza wao. Agogowa anali ndi zaka zosakwana 30 pa nthawiyo. Mukawaona akuumirira pa nkhani za mpingo, dziwani kuti akuuona ngati munda umene anatema okha.

Mphepo yatsopano

Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, ndipo makamaka m'ma 1980 ndi m'ma 1990, mapempheredwe a Chipentekoste anafalikira m'dziko lathu. Anayamba kugwira achinyamata m'masukulu a sekondale ndi m'makoleji, kenaka analowa m'matauni ndi m'midzi. Zifukwa zake n'zosabisika. Mtengo wa kopa unagwa, ntchito zinayamba kusowa, ndipo matenda a Edzi anatenga anthu ambiri a msinkhu wogwira ntchito. Anthu osweka mtima ankafuna pemphero logwira matenda ao ndi umphawi wao pomwepo. Pa 29 December 1991 Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, ndipo mipingo yatsopano inachuluka koposa kale.

Mphepo imeneyi inalowanso mu Eklesia wa Chikonzedwe. Achinyamata ndi abusa ena anayamba kupemphera onse pamodzi mokweza mau, kuchezera usiku wonse m'mapemphero, kulankhula malilime, kudzoza odwala ndi mafuta, kutulutsa ziwanda, ndi kuitanira anthu kutsogolo kuti abadwe mwatsopano. Akulu ambiri anaona kuti zimenezi n'zachilendo pa chiphunzitso ndi dongosolo la mpingo. Panali kukangana kwakukulu m'mabwalo a mpingo. Mu 1999 mpingo unakondwerera zaka 100 chiyambire pa Magwero, koma mkanganowo unali usanathe. Mu 2001 abusa ena pamodzi ndi akhristu ambiri anapatuka, nayambitsa mpingo wa Bible Gospel Church in Africa, umene anthu amautchula mwachidule kuti BIGOCA, motsogoleredwa ndi Peter Ndhlovu.

Kupatukana kwa mpingo si nkhani ya pa pepala chabe. Anthu amene anabatizidwa pamodzi, naimba kwaya imodzi, naika maliro a makolo ao limodzi, anayamba kulowera njira zosiyana Sabata m'mawa. M'nyumba zina bambo ankapita kwina, ana kwina. Ndipo chodabwitsa n'chakuti ngakhale mumpingo umene unatsala, zinthu sizinabwerere mwakale. Lero m'machalichi ambiri a Chikonzedwe mudzapeza magulu a achinyamata otsogolera matamando, zoimbira zamagetsi, kuomba m'manja ndi kuvina. Amai, amene kale ntchito yao yaikulu inali m'Chigwirizano, tsopano amadzozedwanso ubusa. Pambali pa Buku Lopatulika pali Buku Loyera, limene linatuluka mu 1998 m'chinenero chofewa cha masiku ano.

Kodi agogowa amati chiyani?

Mukakhala nao pansi akulu a msinkhu umenewu, mudzaona kuti madandaulo ao sali pa ng'oma ndi magitala pokha. Ambiri a iwo nyimbo zatsopano anazizolowera. Nkhawa zao zazikulu ndi zitatu.

Yoyamba ndi ya kuphunzira. Iwo amaona kuti masiku ano munthu angathe kukhala mumpingo zaka zambiri, n'kumaimba mokoma, koma osatha kufotokoza chimene amakhulupirira. Amati chimwemwe cha pa mapemphero chimatha munthu akafika kunyumba, koma chimene unaloweza uli mwana chimakutsata mpaka pa mphasa ya matenda. Munthu wosaphunzitsidwa, iwo amatero, amatengeka ndi mlaliki aliyense wobwera ndi mau okoma.

Yachiwiri ndi ya masautso. Agogowa anaika m'manda ana ao ndi adzukulu ao. Akamva mlaliki wina akulonjeza kuti wokhulupirira zenizeni sadwala ndipo sasauka, kapena kuti dalitso limabwera molingana ndi ndalama zimene munthu wapereka, mtima umawapweteka. Kodi ana ao amene anamwalira aja analibe chikhulupiriro? Iwo anaphunzira kuti chisomo sichigulidwa, ndi kuti Mulungu amakhala ndi munthu m'chisoni momwemo, ngakhale pamene sanachichotse chisonicho.

Yachitatu ndi ya ulamuliro. Mumpingo wao mbusa salamulira yekha. Amakhala pansi pa bwalo la akulu, ndipo pamwamba pake pali Presbiterio ndi Sinodi. Anthu amene anavutikira Umwini safuna kuona mpingo ukusanduka chuma cha munthu mmodzi, kaya akhale mzungu kaya wakuda.

Ngakhale pa mau a m'Baibulo ali ndi maganizo ao. Buku Lopatulika limatchula dzina la Mulungu kuti Yehova, pamene Buku Loyera limati Chauta, dzina limene makolo athu ankaligwiritsa ntchito amishoni asanafike. Akulu ena amakondwera kuti dzina la makolo lapatsidwa ulemu. Ena amati pakamwa pao panazolowera mau akale, ndipo sangathe kupemphera ndi ena.

Tsono chilungamo chifuna kuti timvenso mbali ya achinyamata. Iwo amayankha kuti mapempheredwe achete aja anali mwambo wa ku Ulaya, osati lamulo la Mulungu, ndipo Mngoni kapena Mchewa akakondwa amaimba ndi thupi lonse. Amanenanso kuti mpingo wakale unkangoletsa kuopa ufiti ndi mizimu, osawathandiza anthu amene mantha amenewo ankawasowetsa tulo, mwakuti ena ankapita kwa sing'anga usiku mobisa. Ndipo amakumbutsa kuti amai ndiwo akhala ochuluka mumpingo kuyambira kale, kotero sikunali koyenera kuwatsekera pa guwa. Mfundo zimenezi n'zolemera, ndipo akulu ena oona mtima amazivomereza. Musaganizenso kuti okalamba onse ali mbali imodzi: pa mapemphero a usiku wonse mudzapezapo agogo aakazi a m'Chigwirizano, ndipo pali anyamata ena amene amakonda nyimbo za m'buku koposa makolo ao.

Phunziro la mbiriyi

Taonani dzina lija lakuti Chikonzedwe. Likuchokera ku liu lakuti kukonza. Mpingowu ndi mdzukulu wa kukonzanso kwa chikhristu kumene kunayamba ku Ulaya ndi Martin Luther mu 1517, n'kupitirizidwa ndi John Calvin mumzinda wa Geneva. Anthu amenewo anasintha zambiri, koma ankati akubwezera mpingo ku gwero lake, ndilo Malembo. Mkangano wa agogo ndi adzukulu wagona pomwepa: kodi chofunika kusunga n'chiti, ndipo chimene chingasinthe popanda kuononga kanthu n'chiti? Pa moyo wa munthu mmodzi mpingowu wasintha dzina kawiri, wachoka m'manja mwa amishoni, wagawika, ndiponso wasintha maimbidwe ndi atsogoleri ake. Mbadwo uliwonse unayankha funsoli mwa njira yake, ndipo inunso tsiku lina lidzakupezani, mumpingo mwanu, m'mudzi mwanu kapena m'dziko lanu.

Makolo anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, anatinso mau a akulu akoma akagonera. Miyambi imeneyi sitanthauza kuti mkulu salakwa. Itanthauza kuti amene anaona zambiri ayenera kumvedwa bwino tisanamutsutse. Ndipo nthawi yowamvera ndi ino. Amene anaona Umwini wa 1966 ali achikulire tsopano apitirira zaka 75, ndipo zambiri zimene akudziwa sizinalembedwe m'buku lililonse.

Ntchito ya ana

Pitani kwa agogo anu, kapena kwa mkulu wina wa m'mudzi mwanu wa chipembedzo chilichonse. Mukhale pansi mwaulemu, muwapatse moni, ndipo muwapemphe nthawi. Muwafunse kuti: Agogo, munkapemphera motani muli mwana? N'chiyani chimene chasintha chimene mumakondwera nacho? Nanga chimene chinatayika, chimene mukadakonda kuti chibwerere, n'chiti? Musawadule mau ndipo musawatsutse. Lembani mayankho ao m'kope lanu monga momwe anenera.

Kenaka yankhani mafunso awa:

1. Kodi misoni ya Magwero inayamba chaka chiti, ndipo anaiyambitsa ndani?
2. Justo Mwale amakumbukiridwa chifukwa chiyani?
3. Fotokozani tanthauzo la liu lakuti Umwini m'mbiri ya mpingo umenewu.
4. Tchulani zinthu ziwiri zimene akulu ndi achinyamata anasiyana maganizo chaka cha 2001 chisanafike.

Mau kwa aphunzitsi

Jambulani mzere wa zaka pa bolodi kuyambira 1898 kufikira 2001, ndipo ana aikepo zochitika zimene tatchula. Pa mapu a Chigawo cha Kum'mawa asonyezeni Chipata, Magwero, Madzimoyo, Katete ndi Nyanje. Ana akabwera ndi mayankho a agogo ao, aloleni awerenge m'kalasi, ndipo afananize zimene anena akulu a mipingo yosiyanasiyana. Samalani kuti pasakhale mwana wonyoza chipembedzo cha mnzake. Ntchito yathu pano ndi kuphunzira mbiri, osati kuweruza kuti wolondola ndani. Makope amene alembedwa bwino muwasunge pa sukulu, mutalembapo chaka ndi dzina la mudzi, kuti ana obwera m'mbuyomu adzawapeze.

Tsalani bwino mpaka phunziro lotsatira.